Kuchoka m'Manja mwa Mwana Kukalowa m'Kabati ya Galasi

Pashelefu m'chipinda changa pali kachidole ka pulasitiki, kamsilikali kovala chipewa chophimba nkhope yonse, kakafupi kosafika masentimita 10. Ndinakatola pamulu wa zidole za kaunjika, pakati pa zimbalangondo zothothoka ubweya ndi timagalimoto topanda matayala. Pamene kankatuluka m'fakitale kanali koyera mbee, koma lero kachita chikasu. Mfuti yake inasowa kalekale, ndipo pamutu pake pali tizipsera ta mano a mwana amene sindidzamudziwa. Mukakatembenuza, kuseri kwa miyendo kuli timalemba tating'onoting'ono: chaka cha 1977 ndi dzina la Hong Kong. Timalemba timeneti ndi timene tinandikokera m'mbiri ya zidole za mtunduwu, komanso ya anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, amene amazisaka, kuzisunga ndi kuzigula pamtengo woti munthu n'kumangira nyumba.

Chidole chopinda manja ndi miyendo chinayamba kalekale, pulasitiki asanalotedwe n'komwe. Mu 1889, anthu okumba maziko a nyumba ya makhoti mumzinda wa Rome anapeza bokosi la maliro losemedwa pamwala, momwe munagona mtsikana wotchedwa Crepereia Tryphaena, amene anamwalira m'zaka za m'ma 100 Yesu atabadwa. Pambali pa mafupa ake panali chidole cha mnyanga wa njovu, chokhala ndi mfundo m'mapewa, m'zigongono, m'chiuno ndi m'maondo. Abale ake sanafune kumulekanitsa nacho ngakhale pa ulendo womaliza. Chidolecho chinapulumuka chifukwa chinakwiriridwa. Zinzake za m'nthawi imeneyo zinathera m'manja mwa ana, monga mmene chidole chimayenera kuthera.

Kwa ana aamuna a ku Ulaya, nkhani inayambira pa asilikali. M'zaka za m'ma 1700 amisiri a ku Nuremberg, m'dziko la Germany, ankaumba tiasilikali tophwatalala ta chitsulo chofewa, n'kumatipenta ndi manja. Mu 1893 kampani ya William Britain ya ku London inatulukira njira ina: ankathira mtovu wosungunuka m'chikombole, n'kukhuthula wa m'kati usanaume, ndipo kamsilikali kankatuluka kamphako. Mtovu wolowa unachepa, mtengo unatsika, ndipo nyumba zambiri zinakhala ndi gulu lake la nkhondo. Akuluakulu nawo sanachedwe kugwada pansi limodzi ndi ana. Mu 1913 mlembi H. G. Wells anatulutsa buku lotchedwa Little Wars, lofotokoza malamulo omenyera nkhondo za tiasilikali timeneti. Kutolera kunayambira pamenepa, chifukwa munthu akakhala ndi gulu limodzi amafuna linzake la yunifolomu ina. Kampani ya Britain inasiya tiasilikali ta mtovu mu 1966, anthu atazindikira kuti mtovu ndi poizoni kwa mwana amene amaika chilichonse m'kamwa.

Pofika nthawi imeneyo pulasitiki anali atalowa kale m'bwalo. Ku America, m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Louis Marx inatchuka pogulitsa dziko lathunthu m'katoni imodzi. Mwana akatsegula katoni ya Fort Apache ankapezamo linga la mitengo, nsanja za alonda, mahatchi, mahema ndi tianthu tambirimbiri. Munali makatoni a famu, a bwalo la ndege, a nyumba zachifumu. Marx anazindikira kuti mwana safuna munthu yekha, amafunanso malo oti munthuyo akhalepo. Koma tianthu take tinali touma gwa: wowombera mfuti ankawombera mpaka kalekale, wothamanga sankaima.

Chosintha zinthu chinachokera kumbali ya atsikana. Mu 1959 kampani ya Mattel, motsogozedwa ndi Ruth Handler, inatulutsa Barbie, ndipo amalonda anaona chinthu chatsopano: phindu lalikulu silinali pa chidole chenichenicho koma pa madiresi, nsapato ndi zikwama zimene kholo linkabwerera kudzagula mwezi ndi mwezi. Munthu wina wa ku New York, Stan Weston, anapita ndi ganizo ku kampani ya abale a Hassenfeld ku Pawtucket, m'chigawo cha Rhode Island, imene pambuyo pake inatchedwa Hasbro. Ganizo lake linali lopanga chidole cha msilikali chimene anyamata angachiveke ndi kuchigulira zida. Don Levine, mkulu woona za zinthu zatsopano pakampanipo, analigwira ganizolo n'kulikonza, ndipo Weston anagulitsa umwini wake pa madola 100,000.

Vuto linali dzina. Ku America ya nthawi imeneyo mnyamata sakanalola kuti anzake amupeze akusewera ndi chidole, ndipo bambo sakanamugulira. Choncho a Hasbro analetsa antchito awo kutchula mawu oti chidole, n'kupeka dzina latsopano lakuti action figure, kutanthauza kamunthu kochita zinthu. G.I. Joe anatuluka mu 1964, wamtali pafupifupi masentimita 30, wopindika m'malo ambiri moti ankatha kugwada, kukhala m'galimoto ndi kunyamula mfuti. Analipo wa nkhondo ya pamtunda, wa pamadzi, wa m'ndege ndi wa gulu la Marines, onse ali ndi chipsera patsaya lamanja, chizindikiro chimene chinkathandiza kampani kuzindikira okopera. Mu 1965 kunabwera G.I. Joe wakuda. Mu 1966 kampani ya Palitoy ya ku Coalville inayamba kumupanga ku Britain pa dzina lakuti Action Man.

Chidole chimatsata nyengo ya eni ake. Nkhondo ya ku Vietnam itayamba kuwawa m'mitima ya anthu a ku America, makolo ambiri anasiya kugulira ana awo asilikali. Mu 1970 Hasbro inamuvula Joe usilikali n'kumusandutsa munthu wa maulendo oopsa, wosaka chuma chobisika ndi nyama za m'nkhalango, wa tsitsi ndi ndevu zogwirika. Kenako mu 1973 mtengo wa mafuta unakwera padziko lonse, ndipo popeza pulasitiki amachokera ku mafuta, chidole chachikulu chinakhala katundu wolemera kwa wopanga ndi wogula yemwe. Makampani anayamba kuchepetsa msinkhu. Mego ya ku New York inali itayamba kale mu 1972 kupanga Batman, Superman ndi anzawo pa masentimita 20, thupi limodzimodzi, kungosintha mutu ndi zovala. Ku Japan, Takara inatulutsa Microman mu 1974, wa masentimita 10 okha. Chaka chomwecho ku Germany, Hans Beck anapangira kampani ya Brandstätter tianthu ta Playmobil, ta masentimita 7.5, toti n'kukwana m'chikhatho cha mwana. G.I. Joe wamkulu uja anasiya kupangidwa mu 1976.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pamene filimu ya Star Wars inkakonzedwa, makampani akuluakulu a zidole sanaione ngati kanthu, ndipo chilolezo chinagwera kampani ya Kenner ya ku Cincinnati, imene inkatsogozedwa ndi Bernie Loomis. Filimuyo itatuluka pa 25 May 1977, anthu anakhamukira kukaionera, koma Kenner inalibe ngakhale kachidole kamodzi kokonzeka. Kusema chikombole cha chitsulo, kuchiyesa ndi kuumba katundu kumatenga miyezi yambiri, ndipo Khirisimasi inali pafupi. Apa a Kenner anachita chinthu chimene otolera amachisimbabe mpaka lero: anagulitsa lonjezo. M'masitolo munaikidwa chikatoni chopanda chidole, chokhala ndi zithunzi ndi kapepala koti mwana alembepo dzina ndi keyala yake n'kutumiza. M'miyezi yoyambirira ya 1978, positi inafikitsa tizidole tinayi: Luke Skywalker, Leia, Chewbacca ndi R2-D2. Ana ambirimbiri anadzuka tsiku la Khirisimasi n'kulandira pepala, ndipo anadikira.

Tizidole 12 toyamba tinalowa m'masitolo mu 1978, ndipo kamsilikali kanga kaja ndi ka m'gulu limeneli. 1977 wolembedwa pamwendo ndi chaka cha umwini wa filimu. Tinali ta masentimita 9.5, pamtengo wa madola awiri kapena kupitirira pang'ono. Kuchepa kwake ndiko kunali nzeru yonse. Kamunthu kakachepa, ndege yake imachepanso, ndipo kampani imatha kugulitsa chombo cha Millennium Falcon chimene mwana angachinyamule, ndi nyumba zosanjikizana zoseweretsera momwemo. Kuseri kwa katoni iliyonse kunali zithunzi za tizidole tonse, ndipo mwana ankawerenga amene ali nawo ndi amene akusowa. Mwana wa G.I. Joe ankagula munthu mmodzi ndi zovala zambiri; mwana wa Star Wars ankafuna mudzi wonse, mpaka munthu amene anangodutsa m'filimu osayankhula. Kuyambira 1978 mpaka 1985, Kenner inagulitsa tizidole toposa 300 miliyoni. Kampaniyo inaphunzitsa m'badwo wathunthu kutolera, isakudziwa kuti ophunzirawo adzakula.

Zinthu ziwiri zimene zinachitika m'zaka zimenezo zikuonetsa mmene chosowa chimabadwira. Kachidole ka Jawa kanatuluka poyamba ndi mkanjo wa pulasitiki wopyapyala, koma popeza kanali kakafupi kuposa tinzake pamtengo womwewo, kampani inakaveka mkanjo wa nsalu kuti kaoneke koyenera ndalama yake. Toyamba tija tinakhala tochepa, ndipo lero n'tosakidwa kwambiri. Nkhani yachiwiri ndi yachisoni. Kenner inalengeza kuti Boba Fett adzatha kuponya kamzinga kuchokera kumsana. Asanatuluke, mwana wina anamwalira atatsamwa ndi kamzinga ka chidole cha kampani ina, ndipo a Kenner anamata kamzingako kuti kasachoke. A Boba Fett oyesera, oponya kamzinga, amene anatsalira m'manja mwa antchito ndiwo asanduka chuma: mu May 2024 mmodzi anagulidwa pa okushoni pa madola 525,000, ndipo mu August chaka chomwecho wina anapitirira madola 1.3 miliyoni. Ndimafuna kuti aliyense wotchula mitengo imeneyi azikumbukiranso chimene chinachititsa kuti chidolecho chisafike m'sitolo.

Zaka za m'ma 1980 zinali nyengo ya zokolola. Boma la Ronald Reagan linamasula malamulo oletsa kusakaniza malonda ndi mapulogalamu a ana pa wailesi ya kanema, ndipo makatuni anayamba kulembedwa pofuna kugulitsa zidole. Mattel inatulutsa He-Man mu 1982, munthu wa minofu yotupa, pamodzi ndi nyumba yake yachifumu ya Castle Grayskull, yobiriwira, ya khomo looneka ngati kukamwa kwa chigaza, yotsekeka ngati sutikesi. Katuni yake inayamba mu 1983. Mu 1982 momwemo Hasbro inadzutsa G.I. Joe pamsinkhu waung'ono, ndipo Larry Hama, wolemba timabuku tazithunzi ta Marvel, ankalembera msilikali aliyense mbiri yake kuseri kwa katoni: kwawo, luso lake, khalidwe lake. Mu 1984 Hasbro inatenga maroboti osandulika magalimoto a Takara n'kuwatcha Transformers. Mu 1985 inatulutsa sitima yonyamula ndege yotchedwa USS Flagg, yotalika kupitirira mamita awiri, pamtengo wa madola pafupifupi 110. Ana ambiri anangoiona m'mabuku otsatsa malonda, ndipo njala imeneyo anakula nayo.

M'chipwirikiti chimenechi munali mayi wina, Yla Eason, amene mwana wake wamng'ono anamuuza kuti sangakhale ngwazi ngati He-Man chifukwa iye si mzungu. Mu 1985 mayiyo anayambitsa kampani ya Olmec Toys n'kupanga Sun-Man, ngwazi yakuda imene mphamvu zake zimachokera ku khungu lake ndi dzuwa. Anaona chimene amalonda akuluakulu sankachiona, kuti mwana akagwira chidole amadziyeza nacho.

Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Makampani anadzaza masitolo mopyola muyezo. Malonda a He-Man, amene anafika madola 400 miliyoni mu 1986, anagwa mpaka madola pafupifupi 7 miliyoni mu 1987. Kenner inali itasiya kale Star Wars mu 1985, ndipo tizidole totsala tinaunjikidwa m'madengu otchipitsa. Ana anakula, n'kupita kusukulu zapamwamba ndi kuntchito. Amayi posesa m'zipinda anataya makatoni, ena anagulitsa pakhomo pa timakobiri, ena anapereka kumasitolo othandiza osauka. Njira yomalizayi ndi imenenso imabweretsa zina mwa zidolezi m'mabelo ofika m'misika ya kwathu kuno.

Apa ndiye pagona mutu wa mbiri yonseyi. Zidole zimenezi sizinali zosowa, zinapangidwa mamiliyoni. Chimene chinazisowetsa ndi chikondi cha ana. Anang'amba makatoni tsiku lomwelo, anataya timfuti m'mchenga, anasamba nazo, anazikwirira kuseri kwa nyumba, anaziluma. Chimodzi chimene chinaiwalika m'kabati, chosatsegulidwa, chinapeza mtengo wake chifukwa zinzake zikwizikwi zinagwira ntchito imene zinapangidwira.

Pofika m'ma 1990 ana aja anali ndi malipiro awo, ndipo anayamba kufunafuna zimene anataya. Kunabadwa magazini a mitengo ndi misonkhano ya otolera. Mu 1992 Steve Sansweet, amene anali mtolankhani wa Wall Street Journal, anatulutsa buku lofotokoza mmene katundu wa Star Wars ankapangidwira, ndipo zimene iye anatolera zinadzakhala nyumba yosungira zakale ya Rancho Obi-Wan ku Petaluma, m'chigawo cha California. Mu 1995 kunabwera eBay, ndipo munthu wa ku Ohio anatha kugula kwa mnzake wa ku Manchester. Otolera anazindikiranso kuti mayiko ena anali ndi zawo: Lili Ledy ku Mexico, Glasslite ku Brazil, ngakhale zokopera mopanda chilolezo za Uzay ku Turkey, zonse zinayamba kusakidwa. Mu 2003 chitsanzo choyamba cha G.I. Joe, chimene Don Levine anasunga, chinagulidwa pa madola 200,000.

Wotolera weniweni amaphunzira kuona ndi maso a mmisiri. Amasiyanitsa chidole chimene chidakali chomatidwa pakatoni yake ndi chotsegulidwa, ndipo chotsegulidwacho amafunsa ngati chili ndi zida zake zonse, chifukwa nthawi zina kamfuti kochepa ngati mbewu ya mpunga kamaposa mtengo wa mwini wake. Popeza achinyengo amaumba timfuti tatsopano, iye amakagwetsa patebulo kuti amve kulira kwake, kapena kukaika m'madzi kuti aone ngati kayandama. Amadziwa kuti dzuwa limachititsa chikasu pulasitiki woyera, kuti miyendo ina imayamba kunanda ikakalamba, ndi kuti G.I. Joe wamng'ono amagwiridwa m'chiuno ndi kamkombero ka labala kamene kamauma n'kuduka, moti amamasula sikuluwu ya kumsana n'kuikamo kena. Kunabweranso makampani oyeza zidole, monga AFA, amene amapereka malikisi, 75, 80, 85, n'kuchitsekera chidolecho m'bokosi loonekera m'kati limene silitsegulidwanso.

Opanga zidole anaona kumene ndalama yalowera. Mu 1994 Todd McFarlane anayamba kupanga zidole zosemedwa mwatsatanetsatane, zoyang'ana wamkulu osati mwana. Mu 1995 Kenner, imene inali italowa m'manja mwa Hasbro kuyambira 1991, inabwezeretsa Star Wars m'masitolo. Ulendo uno anthu anachenjera: ankagula ziwiriziwiri, china chotsegula, china chosunga, ndipo filimu yatsopano itatuluka mu 1999 ena anadzaza zipinda ndi makatoni poyembekeza kudzalemera. Zambiri mwa zimenezo lero zimagulitsidwa motchipa, pakuti chimene aliyense wasunga sichisowa. Chosowa sachita kupanga dala.

Masiku ano msika wa akuluakulu waima pawokha. Hot Toys ya ku Hong Kong, yoyamba mu 2000, imapanga zidole za msinkhu wa G.I. Joe woyamba uja, za nkhope yofanana ndi wosewera filimu mpaka makwinya, pamtengo wa madola mazana angapo. Marvel Legends inayamba mu 2002, ndipo Black Series ya Star Wars mu 2013. Mu 2018, chaka chimene masitolo a Toys "R" Us anatsekedwa ku America, Hasbro inapempha otolera kuti alipiriretu madola 500 aliyense kuti ipange chombo chachikulu cha Jabba wa mu Star Wars, ndipo anthu oposa 8,000 analipira. Lonjezo lija la Khirisimasi ya 1977 linabwereranso, kwa ana omwe aja, tsopano ali ndi ana awo. Ndipo phunziro la He-Man silinathe ntchito: mu 2023 kampani ya Funko inalengeza kuti itaya katundu wa madola oposa 30 miliyoni amene anadzaza m'nyumba zake zosungira.

Ine ndimalemekeza otolera, chifukwa popanda iwo ntchito ya osema zikombole, ojambula makatoni ndi antchito a m'mafakitale a ku Hong Kong ndi ku Taiwan ikanathera kudzala. Nyumba yosungira zakale ya The Strong ku Rochester inalemekeza G.I. Joe mu 2004 ndi tizidole ta Star Wars mu 2012, ndipo inachita bwino. Ife amene tinakula tikuumba ng'ombe zadothi ndi kupinda magalimoto a mawaya tikudziwa kuwawa kwa kusakhala ndi chotsala. Mvula inasungunula ng'ombe zija, ndipo mawaya anapita kukamangira khola. Munthu akafuna kugwiranso ubwana wake ndi manja, ndimamumvetsa. Chimene ndimaopa ndi pamene mtengo waphimba chikumbukiro, munthu n'kumadziwa malikisi a chidole koma osakumbukira masewera amene chinaseweredwa.

Kamsilikali kanga sikangapeze malikisi abwino kwa oyeza aja. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chikasu chake chikundiuza kuti kanagonapo padzuwa, mfuti yosowayo kuti kanamenya nkhondo zambiri m'mchenga wa dziko lina, ndipo mano aja kuti panali mwana amene sankafuna kukasiya ngakhale pogona. Ndinakaika pashelefu ya m'munsi. Mwana wa mchemwali wanga akabwera amakatenga osapempha, n'kukakweza pagalimoto yake ya mawaya, ndipo ndimamva akukayankhulira mawu ake kuseri kwa nyumba. Madzulo kamabwerera kali ndi fumbi, ine n'kukapukuta ndi kansalu, n'kukaimikanso pamalo pomwe dzanja lake lifikira.